Kapulana ya Nkhanga Ipita pa Televizau

A Serafina a ku Ntengo-Wambalame anali munthu wosafuna kudzidzimutsidwa ndi chilichonse, ngakhale imfa. Kunsi kwa bedi lawo kunali mala, sutikesi yachitsulo, ndipo pansi penipeni pa malayo, pomwe mbewa singafike, panagona kapulana, nsalu yabuluu ya madontho a nkhanga. Sanaivalepo n'kamodzi komwe. Anaigula chaka chomwe anamwalira amuna awo, nasonkhanitsa ana awo onse n'kuwauza kuti, "Tsiku langa likadzakwana mudzandikulunge m'menemu. Musadzanditumize kwa atate anu ndi nsanza ngati ndinalibe ana."

Kamodzi pa chaka ankaitulutsa kuti ione dzuwa, chifukwa nsalu ikakhalitsa m'mala imachita nkhungu. Njenjete itaidya pa ngodya, anaisoka ndi ulusi wofiira, poti wabuluu unali utatha.

Cholakwa chawo chinali chimodzi chokha. Anaiyanika tsiku lotsatira Natale, Khirisimasi ija, pakhomo pali piringupiringu, ana ndi zidzukulu atabwera kuchokera ku Tete, ku Ulongwe ndi kwina konse. Munthu usamayanike chinthu chako chapamtima pakhomo pali alendo, ngakhale alendowo unawabereka wekha. Mbuzi inalowa m'nyemba, a Serafina anathamanga kukaipirikitsa, pobwerako anapeza chingwe chili chokhachokha, chikugwedezeka.

Anafufuza paliponse mwakachetechete. Sanauze munthu, pakuti nkhani ya nsalu yotere silengezedwa. Ukafuula, wakubayo amadziwa kuti wakugwira pamtima. Koma maso awo anagwera pa a Teresa, oyandikana nawo nyumba, amene zenera lawo linayang'ana pa chingwe pomwepo. Kuyambira tsikulo moni anatha. A Teresa akabwera ndi nkhwani, a Serafina ankati m'mimba simuli bwino. Akabwera kudzapala moto, ankati wazima, utsi ukutuluka padenga. Zinatero miyezi isanu ndi itatu.

Ndiye mu Agosto, mphepo ikuluma makutu, awiriwa anakwera kamyau imodzi, lole ya katundu, kupita ndi kachewere ku msika wa ku Tsangano, atakhala pa matumba chofulatirana. Kachewere atatha, mphepo inawakankhira onse m'baraka ya a Rogério, momwe anthu amamwera tiyi akuonera televizau. A Serafina anakhala choifulatira monga mwa nthawi zonse, chifukwa kuwala kwa chinthu chimenecho kumaumitsa madzi a m'maso. Ali mkati mouzira tiyi, anamva mawu kumbuyo kwawo:

"Musatero! Mota ndi bokosi la maliro limene anaiwala kulikhomera chivundikiro!"

Baraka yonse inafa ndi phwete. A Serafina sanaseke. Mawuwo anali awoawo, ngati wina anawawakha pakamwa pawo asanagwe pansi.

"Musamwe madzi oziziritsidwa m'jelera, chiwindi chimauma ngati chikumba! Musayankhe telefoni mukudya, mawu akalowera kukhutu amakakumana ndi chakudya pakhosi!"

Anatembenuka pang'onopang'ono. M'galasimo munali nkhalamba yopindika msana, ndodo kumanja, mpango kumutu, ikukalipira munthu wina wofuna kukwera mota, njinga yamoto ija. Miyendo ya nkhalambayo inali ya ubweya ngati ya tonde. Ndipo m'chiuno mwake munali nsalu yabuluu, madontho a nkhanga. Itazungulira kuti imukwapule wa motayo, ngodya inakupiza, ulusi wofiira n'kuonekera poyera.

Kapu inagwa pansi.

"Mayi Teresa," anatero a Serafina, "ameneyu ndani?"

A Teresa anacheuka uku ndi uku kuona ngati m'barakamo muli Teresa wina. "Mukunena ine? Pakamwa patseguka lero?"

"Ndafunsa kuti ameneyu ndani."

"Ameneyu ndi Gogo Musatero! Ngakhale ana a pa eskola akumudziwa. Si nkhalamba ayi, ndi mwamuna, dzina lake Vasco, amangodzipaka ufa m'nsidze. Zonena zakezo amamulembera ndi Adérito wanu. Mudzi wonse ukudziwa, kupatula inu. Nanga tikanakuuzani bwanji, moni weniweniyo mukumuumira?"

Adérito anali mdzukulu wawo wapamtima, mwana wa mwana wawo wamkazi, amene ankamutcha "amuna anga" kuyambira ali wakhanda. Ankadziwa kuti amagwira ntchito ya televizau ku Tete, koma iwo ankayesa amakwera mitengo ya magetsi kulumikiza mawaya, ndipo sankatopa kumuchenjeza kuti asagwire waya ndi manja onyowa. Tsopano zinthu zinayamba kugwirizana. Lamulungu lililonse, anthu akangotuluka m'gereja, Adérito ankaimba telefoni n'kuyamba: "Agogo, ndikuganiza zogula jelera." Sabata ina: "Agogo, anzanga akuti tikasambe mu Zambezi." Ina: "Agogo, ndiyamba kudya ndili chiimire, nthawi ikundichepera." Iwo ankakhuthula machenjezo mpaka telefoni kutentha, kutsidyako kukumveka kaphokoso ka tseketseke ngati mbewa m'nkhokwe. Ankayesa ndi mphepo ya m'mawaya. Chinali cholembera. Kamwana kaja kankawakama ngati ng'ombe.

Kusekedwa sikunawapweteke kwenikweni. Anthu akhala akuseka machenjezo awo kuyambira kalekale, ndipo ambiri mwa osekawo ali kumanda. Chimene chinawaopsa n'china. Nsalu ija inali itauzidwa kale ntchito yake. Imfa, imene a Serafina ankangoitchula kuti "mlendo uja," ikadzafika ku Ntengo-Wambalame n'kupeza m'mala mulibe kanthu, idzalondola nsalu. Idzaipeza ili m'chiuno mwa mwana wa eni ake, wosalakwa, wa miyendo ya ubweya. Ndiye mlandu wa mwana ameneyo udzakhala pamutu pa ndani? Iwonso n'kutsala kuno opanda chovala cha paulendo.

Programa ikutha, mtsikana wina m'galasimo analengeza kuti Loweruka gulu lonse lidzajambula pa msika wa ku Furancungo, aliyense abwere adzaseke.

"Ingomuimbirani telefoni," anatero a Teresa atamva nkhani yonse.

"Nkhani ya maliro pa telefoni? Mawu oyenda m'mlengalenga aliyense n'kumamva? Ndipita ndekha." Anawerama kutola kapu, n'kulankhula maso ali pansi. "Nkhwani zija, kumunda kwanu zikadalipo?"

"Mu Agosto muno? Zinauma limodzi ndi moni wanu uja."

Loweruka m'mamawa ananyamuka. Anatenga ambulera ngakhale kunalibe mtambo, mchere pang'ono pa mfundo ya mpango, kachewere wophika, ndi botolo la madzi a pakhomo, pakuti madzi a kwa eni sudziwa chimene chinamwapo. Anakwera chapa, kaminibasi konyamula anthu, mpaka ku Ulongwe, n'kukweranso ina ya ku Furancungo, yodzaza mpaka nkhuku kusowa popumira.

Asanapite patali anayamba. "A motorista, pang'onopang'ono, tayala lakumanzereli likulira." Kenako: "Iwe mtsikana, tseka zenera. Ukaseka mphepo ikuomba pakamwa pamapotoka osabwereranso."

Chapa yonse inaseka. Wotolera anthu anamenya chitseko ndi chikhatho. "Epa, vovó, mumamutha Gogo Musatero! Nenaninso ya jelera ija!"

"Ine sinditsanzira munthu. Iyeyo ndiye akutsanzira ine."

Apa ndiye anaseka mpaka misozi. Aprofesora ena a tayi, okhala kutsogolo, anatembenuka n'kunena kuti, "Ngakhale kakwiyidwe kake, chimodzimodzi!" Mayi wina anawaninkha nthochi ngati mphoto. A Serafina anakana, chifukwa chakudya cha m'njira cha munthu wosamudziwa sichidyedwa, ndipo kukanako kunawasekesanso anthu.

Kukadali mtunda ndithu kuti afike ku Furancungo, tayala lakumanzere linaphulika, phuu! Chapa inatsetsereka m'fumbi n'kukaima mphuno ili m'tchire. Palibe anavulala, palibenso anaseka. A Serafina anangowayang'ana mmodzimmodzi, kuyambira aprofesora a tayi mpaka wotolera anthu, aliyense n'kumaweramitsa mutu nthawi yake ikafika.

Koma dzuwa linali litakwera, tayala lina panalibe, ndipo zodutsa pa msewupo zinali mota zokhazokha. A Serafina anaima kutsogolo kwa imodzi nthawi yaitali, akuiyang'ana ngati njoka. Anaganiza za mwana wa eni ake uja. Anadzilemba chizindikiro cha mtanda, nakwera chammbali, namukumbatira bambo wa motayo mpaka kumutsokomoletsa. Njira yonse maso anali otseka, akutchula mapemphero onse amene ankawadziwa, ndipo atatha anayamba kutchula mayina a ana awo kuti Mulungu asawaiwale.

Pa msika wa ku Furancungo panali khamu ngati la msonkhano. Pakati anatchinga ndi chingwe. Mkati mwa chingwemo munali kamera pa miyendo itatu, ndi bambo wina atanyamula mtengo wautali wokhala ndi chinthu cha ubweya kunsonga, ngati wapha gologolo n'kumamuonetsa. Pambali panaima Adérito, woonda khosi, mapepala ali m'manja. Atawaona agogo ake, fumbi lili mpaka m'nsidze, mapepala anamwazika.

"Agogo! Mwafika bwanji kuno?"

"Pa mota."

Adérito anatsegula pakamwa, dzanja lake n'kupita lokha m'thumba kufuna cholembera.

"Ukalemba ndikuthyola chala," anatero a Serafina. "Amuna anga, zoona munaba nsalu ya mkazi wanu n'kukaveka mwamuna mnzanu?"

"Sindinabe, agogo, ndinabwereka."

"Wobwereka amalankhula."

"Tinali pafupi kuyamba kujambula ndipo Gogo analibe chovala. Ndinaiona pa chingwe, yatsopano, inu simuivala n'komwe. Ndinati agogo saikonda imeneyi."

"Sindiivala chifukwa tsiku lake silinakwane, chitsiru iwe!" Anamukokera khutu pansi n'kumunong'oneza. Adérito anali akadali kumsana chaka chimene nsaluyo inagulidwa, ndipo panalibe anamuuzapo. Atadzutsa mutu, nkhope yake inali yatuwa ngati nayenso wadzipaka ufa.

Pomwepo panafika mayi wamfupi wothamanga polankhula, zomvera zili m'makutu. Anali a Ivone, shefe, mkulu wa programayo. Adérito anawafotokozera mwachidule m'Chipwitikizi, mayiwo n'kugwira m'mutu.

"Vovó, com licença, ndimvereni. Lero ndi sewero lomaliza la chaka chino. Akuluakulu ku Tete akaona limeneli ndi pomwe anene ngati tipitirize kapena aliyense abwerere kwawo kukalima. Theka tajambula kale m'mawa ndi nsalu yomweyo. Gogo sangalowe m'nyumba atavala nkhanga n'kutuluka atavala maluwa, anthu amaona. Tipatseni maola awiri okha."

"Kulima si matenda," anayankha a Serafina. "Nanga mlendo uja mwapangana naye kuti adikire maola awiri?"

Asanayankhidwe, wina anafuula kuti, "Silêncio! Acção!" ndipo m'kati mwa chingwe munabuka kulira. A Serafina anasuzumira pakati pa mapewa a anthu. Pa mphasa panagona munthu chagada, atafundidwa kuyambira kumutu mpaka m'maondo ndi nkhanga zawo, zala za kumapazi zitaloza kumwamba. Momuzungulira munakhala akazi atatu akulira maliro.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi sewero chabe, agogo," anatero Adérito. "Gogo Musatero akunamizira kufa kuti aone amene adzamulire."

"Walemba ndiwe?"

Pamene Adérito amati awagwire dzanja, a Serafina anali atadutsa kale kunsi kwa chingwe, ambulera ili patsogolo.

"Dzuka! Iwe mwana wa eni ake, dzuka msanga!"

Wakufayo sanagwedezeke. Anamutosa ndi ambulera m'nthiti. Zii. Chimene a Serafina sankadziwa n'chakuti Vasco anali katswiri wa zaka khumi pa ntchitoyi, ndipo lamulo lake linali lakuti shefe asanafuule kuti corta, kutanthauza lekani, wakufa sadzuka, ngakhale linthumbwi limulowe m'mphuno. Iye ankangoyesa kuti Adérito wawonjezera munthu wina m'sewero osamuuza, monga ankachitira kawirikawiri.

Anamutosanso. Zii.

"Mayo ine, ndachedwa!" A Serafina anagwada n'kuyamba kulira kwenikweni, kulira kwa ku Ntengo-Wambalame kochokera pansi pa mchombo. Akazi atatu aja anangoti kukamwa yasa, kulira kwawo kogula kuja kutazima ngati nyali padzuwa. "Mwana wa eni ake wapita ndi nsalu yanga! Ndikanena chiyani kwa amake?"

Ali mkati molira anakumbuka botolo. Analitsegula n'kukhuthulira madzi onse pankhope pa mtembowo, madzi a kwawo ku mapiri, ozizira ngati mwala wa m'dambo.

Mtembo unadumpha. Koma ngakhale podumphapo Vasco sanataye mawu a nkhalamba. "Musatero! Musathire wakufa madzi ozizira, amakafika kumwamba ndi chimfine!"

Msika wonse unagwa ndi phwete. Amayi ogulitsa tomato anagwirana mapewa. A Serafina anaimirira, misozi ikadali m'masaya, mtima utasanduka moto.

"Ndiye uli moyo? Vula nsalu yanga!"

Vasco anaikulunga msanga m'chiuno n'kubwerera m'mbuyo chopindika, ndodo ikunjenjemera. "Musavule nkhalamba pa msika, katundu amakwera mtengo!"

"Ukundiyankha ine? Ndi kalankhulidwe kanga komwe?"

"Musakwiye dzuwa lili paliwombo, ndulu imawira!"

"Zimenezo ndinanena ndine! Chaka chatha, pa Pasaka!"

Nkhalamba ziwirizo zinayang'anizana, ina ndodo, ina ambulera, mipango yomangidwa mofanana, milomo yopotoka mofanana. A Ivone, amene poyamba ankafuna kuimitsa zonse, tsopano ankazunguza chala kwa wa kamera kuti asaleke. A Serafina anaona ulusi wofiira ukulendewera. Anaugwira ndi manja awiri n'kukoka ndi mphamvu zonse zimene amazulira kachewere. Vasco anazungulira ngati nguli, kawiri, katatu, n'kukaima pakati pa msika ali ndi kabudula wa mpira wofiira. M'bulauzi mwake munagwa malalanje awiri, n'kugubuduka mpaka pa mapazi a wa kamera.

Anthu ena anakhala pansi m'fumbi chifukwa cha kuseka.

"Sekani, sekani!" anafuula a Serafina, nsalu ataikumbatira pachifuwa. "Nsalu iyi ndi yoti adzandikulungemo ine tsiku la maliro anga. Mwana wa eni akeyu waivala miyezi isanu ndi itatu, lero mwamugonekanso pa mphasa n'kumulira. Mukufuna mlendo uja aitanidwe kangati?"

Phwete linazima. Kunangomveka mbuzi kuseri kwa mabenchi. Vasco anawongola msana, ndipo mawu amene anatuluka anali ake enieni, a mwamuna, okhuthala.

"Mãe, mukunena zoona?"

"Ndingakwere mota chifukwa cha bodza?"

Vasco anagwira pakhosi. "N'chifukwa chake! Mwezi wa Marichi ndinagwa pa njinga pamalo osalala. Mwezi wa Meyi munga wa nsomba unandiima pakhosi. Dzana lomweli papaya linagwa pomwe ndinali nditangochokapo!"

"Ukuona? Mlendo uja amakuyeza msinkhu."

"Adérito!" anakuwa Vasco, ufa ukuyoyoka m'nsidze. "Adérito, bwera kuno ndikuphe ndisanafe!"

Khamu linaphulikanso kuposa poyamba, likuwomba m'manja, pakuti aliyense anayesa kuti zonsezi zinalembedwa pa pepala. "Corta!" anafuula a Ivone, akupukuta maso.

Anakakhala kuseri kwa kamyau yonyamula zipangizo. Vasco anakhala patali pa kreti, atafunda kazako, jekete lake lochindikala, dzuwa likuswa mtengo. "Nsalu imeneyo, ine, nunca mais, sindidzaivalanso," ankangobwereza. "Ngakhale kuiyang'ana." A Ivone ankayenda uku ndi uku. Panatsala zigawo ziwiri zoti sewero lithe, ndipo popanda nkhanga panalibe Gogo Musatero. Adérito anangoti ndwii kuyang'ana nsapato zake.

A Serafina anayala nsalu yawo pa maondo n'kuyamba kuiyendera ndi zala. Apa panabooka ndi mapini. Apa panadetsedwa ndi mafuta a njinga. M'mphepete munang'ambika, wina n'kusoka ndi ulusi wa thumba la feteleza. Anaifikitsa pa mphuno, n'kuichotsa msanga. Inkanunkha thukuta la mwamuna, fodya ndi nsomba zokazinga.

Anaganiza za malemu amuna awo, munthu wosaseka chisawawa, amene ankapita kumunda malaya atawapisira. Akadzafika kumeneko atavala nsalu imene Tete yense waiseka, adzawalandira bwanji? Adzawayang'ana kuyambira kumutu n'kufunsa kuti, Serafina, miyendo ya ubweya ija inali yako?

Anayang'ananso mdzukulu wawo, kakhosi koonda kaja. Programa ikafa, mwana ameneyu adzasaka ntchito ina, ndipo m'tauni ntchito zake n'zotani? Mwina n'kukakweradi mitengo ya magetsi ndi manja onyowa. Kulemba mabodza pa pepala n'kopusa, koma sikugwetsa munthu kuchokera m'mwamba.

"Iwe wa malalanje," anaitana. "Sendera kuno."

Vasco anasendera pang'ono, kreti ili kumatako.

"Chinthu chobedwa chimakhalabe cha mwini wake, ndipo chimakumbukira ntchito imene mwiniwakeyo anachiuza. N'chifukwa chake papaya linkakufuna. Koma tikasinthana pamaso pa anthu, ine n'kuimasula ndi pakamwa panga, yasanduka yako, ndipo mlendo uja alibe nayo ntchito. Uli ndi chiyani?"

Vasco anatulutsa telefoni.

"Chophika ubongocho? Bweza."

Anavula wotchi.

"Kuti ndiziwerenga maola otsala? Bweza." Maso awo anakatera pa kazako, lochindikala, la ubweya mkati. Anakumbuka mphepo ya pa kamyau. "Ilo."

Vasco analivula mofulumira ngati likuyaka. A Serafina anatenga nsalu kupita nayo pa mjigo wa pamsika, onse akuwatsatira pambuyo. Anamasula mfundo ya mpango, nathira mchere m'beseni lobwereka, naichapa okha, naifinya. Kenako anaitambasula m'mwamba n'kuilankhula ngati mwana wotumidwa.

"Iwe nsalu, wamva? Ntchito ija ndinakuuza yatha. Usandidikire, usadikire munthu. Kuyambira lero ndiwe wa masewero, mwini wako ndi uyu. Mboni ndi awa."

Anaipereka ndi manja awiri. Vasco anailandira atagwada, n'kuyamba kuizunguliza m'chiuno.

"Yonyowa? Ukufuna chibayo? Yanika!"

Mphepo ya Agosto sinachedwe kuiumitsa. Podikira, a Ivone anadzakhala pafupi nawo. "Vovó, zaka zanga zonse pa ntchitoyi sindinajambulepo chinthu choseketsa chotere. Mutilole tikachionetse. Akuluakulu akangochiona, programa yapulumuka."

"Choseketsa n'chiyani pamenepo? Munthu anatsala pang'ono kufa." A Serafina anasisita ubweya wa kazako. "Kaonetseni, mwina ena aphunzirepo kusatola za pa chingwe. Koma iwe Adérito, imva. Mawu anga umawadula. Za jelera ndinati madzi ake amaumitsa chiwindi ukamwa uli ndi thukuta. Thukutalo unalisiya kuti? Chenjezo loduka limapha anthu. Ndipo Lamulungu usamandinamize kuti ukukasamba mu Zambezi, ine n'kumasala kudya sabata yonse. Uzingonena kuti agogo, pepala lauma, ndipatseni. Ndili nawo ambiri, sunafike n'pakati pomwe."

"Ndamva, agogo."

"Tsopano ukhoza kulemba zoti ndakwera mota."

Anatsala pomwepo mpaka zigawo ziwiri zija zitatha, atakhala pa kreti chofulatira kamera, akumvetsera ndi khutu limodzi. Kawiri konse anafuula chakumbuyo kukonza mawu a Vasco, ndipo kawiri konse a Ivone anati zisiyidwe momwemo.

Dzuwa litapendeka, Adérito anawaperekeza kokwerera chapa ya ku Ulongwe, Vasco ndi a Ivone akubwera pambuyo. A Serafina anali atavala kazako, manja ake akulendewera kupitirira zala.

"Agogo, ndakulakwirani," anatero Adérito. "M'mala mwanu tsopano mulibe kanthu chifukwa cha ine. Ndikangofika ku Tete Lolemba ndikugulirani ina, yokongola kuposa ija, ndiitumiza pa chapa yoyamba."

"Musatero, amuna anga!"

Vasco analuma mlomo. A Ivone anatembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka. A Serafina sanaone choseketsa.

"Ndaganiza bwino pa kreti paja. Zaka zonse nsalu ili m'mala, chaka chilichonse chisanu chikafika maondo ankandigwira, chifuwa osatha. Chaka chino ilibemo, ndazula kachewere ndekha, ndakwera mota, ndavula mwamuna pa msika. Kusunga nsalu kunsi kwa bedi kuli ngati kuuza mlendo uja kuti ndakonzeka, fikani. Tsopano akabwera ndimuuza kuti pepani, chovala ndilibe, ndipo kwa malemu amuna anga sindingapite ndi kazako la munthu wa masewero. Adikire. Yogulayo ndidzasankha ndekha, ndipo ine posankha nsalu ndimachedwa."

Wotolera anthu anali akuitana kuti malo atsala amodzi. A Serafina sanafulumire. Anaizungulira chapa yonse, akutosa tayala lililonse ndi ambulera, n'kuwerama kumvetsera. Anthu a m'katimo anayamba kuseka n'kumanong'onezana dzina la Gogo Musatero. Koma motorista, amene anali atamva kale za tayala la m'mawa lija, anatsika mwakachetechete, n'kuima pambali pawo chipewa chili m'manja, kudikira kuti amve ngati akhoza kunyamuka.